Ndowa ya Malita Makumi Atatu

Lolemba, 5 Meyi

Ndayamba kulemba chifukwa pa benchi pano palibe chochita. Kope lino ndi la miyeso ya ndowa, masamba akumbuyo anali opanda kanthu. Sukulu ndinalekezera kalasi yachinayi, ndiye wowerenga asandiseke. Komanso wowerengayo ndani.

Mayi, akazi anga, awagoneka lero 10 koloko m'mawa, wodi ya amayi, bedi 7. Mawa opaleshoni. Akuti chiberekero chinatsika mpaka kutulukira kunja, n'kukokanso chikhodzodzo. Ine ndamva dzana. Zaka makumi anayi ndi chimodzi m'nyumba imodzi, ndamva dzana, ndipo wondiuza ndi mwana wobereka ndekha. Anaima pakhomo la shedi yanga ya kumsika ndili mkati mokhoma ndowa, n'kunena ngati akulengeza tsiku la mayeso. Ndi woyamba kubadwa, amaphunzitsa sukulu. M'kope lino ndizimutcha Aphunzitsi, poti masiku ano akuphunzitsa ndi bambo ake omwe.

Pa fomu pali malo olemba woyang'anira wodwala. Walembapo dzina lake. Langa waliika m'munsi, pamene alemba kuti wachibale wina.

Amuna salowa m'wodi kupatula 12 mpaka 1, ndi 5 mpaka 6. Mlonda amaliza belu. Nthawi ina yonse ndi benchi ino, moyang'anana ndi chitseko chobiriwira chimene mahinji ake akufuna mafuta.

Awatenga magazi. Kuthamanga kwa magazi 150 pa 90. Akadya chamadzulo basi, asalawenso kanthu.

Ndinafunsa, "Mayi, zinayamba liti zimenezi?"

"Kale."

"Kale liti?"

"Zenera la kukhitchini mwatseka?"

Lachiwiri, 6 Meyi

Analowa nawo 9:20, anatuluka nawo 12:05. Anawabaya jekeseni ya pamsana, sanawagonetse tulo. Dokotala ndi mkazi, wamng'ono ndithu, msinkhu wa mwana wanga wachisanu. Anatuluka n'kuyang'ana Aphunzitsi. Ine ndinaima kumbuyo ngati mtengo wa magetsi.

Zimene ndinamva: chiberekero achotsa, adzera kumusi, pamimba sanang'ambe. Khoma lochirikiza chikhodzodzo alisoka kuti chibwerere m'malo mwake. Magazi ataya pang'ono. Mkati aikamo nsalu yothinitsa, achotsa mawa. Awaika paipi ya mkodzo ndi diripi kudzanja lamanzere.

Nthawi ya 5 anali chigonere, milomo youma. Kathumba ka mkodzo kanali lende pambali pa bedi. Ndinati mumtima, mazana anayi. Nditawerama kuyang'ana mizere, 400. Diso la malita ndikadali nalo. Palibe amene anandifunsa.

Lachitatu, 7 Meyi

Nsalu ija achotsa. Diripi achotsa masana. Amwa tiyi ndi phala lamadzimadzi, masupuni asanu ndi limodzi. Awakhazika pampando mphindi khumi. Mapiritsi a ululu katatu pa tsiku, ndi mankhwala amadzi ofewetsa m'mimba, chifukwa akuti akamadzikakamiza kuchimbudzi ulusi uduka.

Pa bedi 8 pali mayi wina wonenepa amene anamuchotsa chotupa. Anamwino amamutcha Wailesi. Mwamuna wake ndi uja amakhala nane pa benchi tsiku lonse osatsegula pakamwa. Tsopano ndamvetsa chifukwa chake.

Nditangolowa, Wailesi anati, "Amisiri aja ndi amenewa? Khalani apa, bambo, tikuoneni bwino. Maso muli nawo awiri ndithu. Nanga zaka zisanu ndi zinayi mkazi kumayenda ndi katundu pakati pa miyendo, inu osaona? Kapena maso mumasiya kushedi?"

Wodi yonse inaseka, ena atagwira pamabala. Mayi anayang'ana kudenga.

Zaka zisanu ndi zinayi. Munthu wachilendo wamva m'tsiku limodzi zimene ine anandibisira zaka zisanu ndi zinayi.

Pa benchi ndawerengera chobwerera m'mbuyo. Chaka chimenecho ndi chimene Mayi anatenga mphasa n'kusamukira kuchipinda cha ana, akuti bedi likuwapweteka msana. Ine ndinadziwa kuti si msana. Ndinaganiza kuti ndakalamba, ndayamba kuwanyansa. Sindinafunse, mwamuna sapempha malo pabedi lake. Ndinangosunga mumtima, ndipo ndasunga mpaka lero. Ndikadauzidwa, bwenzi zaka zonsezi ndisakudya mbale yanga ndekha kushedi.

Lachinayi, 8 Meyi

Ayenda mpaka pazenera ndi kubwerera, namwino atawagwira mkono. Mkodzo 1,300 tsiku lonse, woyera.

Dokotala anatiitana m'kachipinda kake, ine ndi Aphunzitsi. Ndalemba monga ananenera. Milungu isanu ndi umodzi asanyamule chilichonse cholemera kuposa ketulo ya madzi, malita awiri. Miyezi itatu asachape, asakolope, asanyamule mdzukulu. Zolemera kwenikweni asiyiretu moyo wawo wonse, apo ayi zimene asoka zidzaphotcholokanso, ndipo kusoka kachiwiri sikugwira ngati koyamba. Zimenezo ndikuzidziwa, lata lowotcherera kawiri silichedwa kudontha. Za m'banja milungu isanu ndi umodzi. Pamenepo ndinatsala pang'ono kuseka.

Kenaka anafunsa, "Kunyumba madzi amatunga ndani?"

Ndisanatsegule pakamwa Aphunzitsi anayankha. "Amayi. Ndowa ya malita makumi atatu. Kanayi pa tsiku. Mpopi uli kumunsi, nyumba ili pamtunda, masitepe makumi anayi ndi awiri."

"Makumi atatu? Ndowa yotero imagulidwa kuti?"

"Sigulidwa, adokotala. Anakhoma ndi bambowa."

Dokotala anandiyang'ana, n'kuyang'ananso pepala lake.

Ndilembe pano zimene sanandipatse mpata wonena. Ndowa wamba ndi malita makumi awiri. Titasamukira pamtunda paja Mayi ankatsika kasanu ndi kamodzi, mzere wa pampopi n'kuwadyera tsiku. Ine ndinakhala pansi n'kuwerengera: ndowa ikakula ndi theka, maulendo atsika kufika anayi. Ndinagula lata lokhuthala, osati la denga, ndinakhoma masiku atatu. Mlomo ndinapindira waya mkati, pansi ndinaika mkombero wachitsulo. Amayi a pampopi anaitcha Njovu. Pomutwika munthu pamafunika anthu awiri. Zaka makumi awiri ndi zitatu sinadonthepo ngakhale kamodzi. Inali mphatso. Mwamuna wina aliyense akadagula mpango.

Dokotala ananenanso kuti zifukwa n'zambiri: kubereka ana asanu ndi awiri, ukalamba, chifuwa chija cha chaka chatha, ndi kunyamula. Anati sitingaloze chimodzi. Ine ndinamva bwino, anati sitingaloze chimodzi. Aphunzitsi anamva ndowa yokha.

Lachisanu, 9 Meyi

Paipi anachotsa 7 koloko. Mpaka 1 koloko mkodzo osatuluka, madontho okha. Mimba inatupa, anabuula. Anabwezeretsa paipi, panatuluka 700 nthawi imodzi. Akuti chikhodzodzo chikadali ndi mantha, ayesanso Lachitatu.

Ndinabweretsa mapapaya awiri. Aphunzitsi anali atabweretsa kale, osendasenda, m'kabokosi kotseka. Anga ndinapatsa Wailesi. Anati, "Mwaona, amisiri, mukamandipatsa zinthu pamaso pa akazi anu anthu atinena." Mayi anamwetulira. Kwa iye, osati kwa ine.

Loweruka, 10 Meyi

Thupi latentha, 38.6. Akuti tizilombo talowa m'njira ya mkodzo chifukwa cha paipi. Jekeseni kawiri pa tsiku, masiku atatu. Sanadye. Madzi amwa makapu anayi, ndinawerenga ndekha.

Belu litalira Aphunzitsi ananditsatira mpaka pa benchi.

"Ababa, amayi akatuluka akupita kwathu."

"Wanena ndani?"

"Ndanena ine. Kwathu madzi ali m'nyumba, masitepe kulibe."

"Mpaka liti?"

Anayang'ana chitseko chobiriwira chija. Ndinafunsa china.

"Iwo avomera?"

"Sanakane."

Ndinati mkazi ali ndi nyumba yake, sakakhala mlendo kwa mpongozi ngati wamasiye mwamuna wake ali moyo. Ndinati iweyo sukulu imene ukundinyadira nayo inachokera m'nyundo yomweyi. Iye sanakweze mawu. Akadakweza bwenzi zili bwino.

"Ndowa yofiira ija ndinawagulira, ya pulasitiki, munaichita chiyani?"

"Zakalekale zimenezo."

"Ndinagula ndi malipiro anga oyamba atandikweza pa ntchito. Amayi anandiuza ine chifukwa chake ankaifuna. Inu munaichita chiyani?"

Mwamuna wa Wailesi ananyamuka n'kupita kukaima pazenera.

Ndinaidula ndi lumo la malata, ndikuvomera. Zidutswa zinayi, pabwalo. Koma iye sakudziwa za ntchito. Mu mzere wathu kumsika munali amisiri khumi ndi awiri, lero tatsala atatu. Anatimaliza ndi pulasitiki. Ine chimene chinandisunga ndi Njovu. Mayi aliyense pampopi paja ankaiona tsiku ndi tsiku, chaka ndi chaka, yosadontha, zawo zikung'aluka padzuwa. Akafuna ndowa ya ukwati wa mwana ankabwera kwa ine. Ndiye mkazi wa mmisiri akaime pamzere ndi pulasitiki? Kunali bwino kungokhoma chikwangwani pashedi kuti mwini wake ndi wabodza. Tonse tinkadya ndowa imene ija, ndi iye yemwe.

Ndipo palibe anandiuza kuti ndi matenda. Ndibwereza, palibe.

Lamulungu, 11 Meyi

38.1 m'mawa. 37.6 madzulo. Adya nthochi imodzi.

Pakati pa nthawi ziwiri zoona odwala ndinapita kushedi. Dokotala anati malita awiri, ndiye ndakhoma ya malita awiri. Lata lopepuka, chigwiriro cha waya wokutira ndi mphira kuti chisadule zala, chivindikiro chake. Msoko ndawotcherera mkati ndi kunja. Ndisanamizire, m'zaka khumi zapitazi sindinakhomepo chinthu chokongola chotere. Aphunzitsi aone ngati kusitolo angapeze yofanana nayo.

Nditafika nayo kunyumba, poti ndiiyese ngati ikudontha ndinatsegula mgolo wa kukhitchini. Madzi atsala pansi penipeni. Apa m'pamene ndinayang'ana bwino. Mapoto onse, beseni losambira, zigubu ziwiri, ngakhale mtsuko wakale uja timasungiramo misomali, zonse zinali ndi madzi sabata ino, ndipo ndakhala ndikutunga chimodzi chimodzi osadzifunsa kuti anachokera kuti. Mayi anadzaza Loweruka ndi Lamulungu asanagonekedwe. Mgolo wokha ndi malita mazana awiri. Maulendo asanu ndi awiri. Ndi chinthu chija chili kunja kwa thupi.

Ndani anawatuma? Ine sindinawatume.

Lolemba, 12 Meyi

37.2. Jekeseni yomaliza lero, kuyambira mawa mapiritsi. Ayenda okha mpaka kubafa atanyamula kathumba kawo m'manja. Atuluka chimbudzi koyamba popanda vuto, namwino walemba pa khadi ngati nkhani yaikulu.

Aphunzitsi anali kusukulu masana, ndiye ndinalowa ndekha ndi kandowa kanga m'pepala.

Wailesi anayamba. "Abale, taonani. Njovu yabereka."

Mayi anakalandira ndi manja awiri. Anakatembenuza, anayendetsa chala pamsoko, anagogoda pansi ndi chikhadabo kumvera kulira kwake. Zaka makumi anayi ndi mmisiri, ntchito amaidziwa.

"Mwakhoma bwino, bambo."

"Malita awiri enieni. Monga ananenera dokotala."

"Eya. Nyumba yathu imamwa angati pa tsiku?"

"Zana limodzi ndi makumi awiri."

"Ndiye ndizitsika kangati?"

Ndinawerengera. Makumi asanu ndi limodzi. Ine wa miyeso, masamu amenewo sindinawachite. Ndinaganiza za kukula kwa ndowa basi.

Wailesi anatembenukira kukhoma, koyamba chimubweretsereni.

Ndinakokera mpando pafupi. Ndinati, "Mayi, chimene chikundiwawa n'chimodzi. Mwana akudziwa, mng'ono wanu akudziwa, mayi uyu wa dzulodzuloyu akudziwa. Ine ndinalakwa chiyani kuti ndikhale womaliza?"

"Ndinakuuzani."

"Liti?"

"Tsiku la ndowa yofiira. Ndinati, bambo, Njovu yayamba kundilemera, ikumandikoka m'kati. Inu munati chitsulo sichinenepa, wanenepa ndi ulesi."

Mawuwo ndi anga, ndinawazindikira. Ndinanena moseka. Ndikukhulupirira kuti ndinanena moseka.

"Nanga kuthawa bedi?"

Anayang'ana chitseko, n'kutsitsa mawu. "Mkodzo unkandipulumuka. Tsiku lina m'mawa munanunkhiza bulangete, munati m'nyumba muno mwayamba kumveka ngati khola la mbuzi. Ndinachapa, n'kutenga mphasa."

"Ine ndimaganiza kuti mwanyansidwa nane."

"Ine ndimadziwa kuti mwanyansidwa nane."

Belu linalira. Kandowa anakaika pakabati, Wailesi waikamo masupuni.

Pa benchi ndakhala ndikufunafuna tsiku la bulangetelo m'mutu. Sindikulipeza. Munthu angaweruzidwe ndi mawu amene iye sakuwakumbuka? Zikuoneka kuti angathe.

Lachiwiri, 13 Meyi

Masana sindinapite kuchipatala. Madzi anatheratu.

Ndinatenga Njovu n'kutsika. Chikhomereni sindinainyamulepo ili ndi madzi. Poiyesa kalelo ndinkathira ndi jagi ili pansi.

Pampopi panali amayi ngati khumi. Onse anatembenuka kundiyang'ana. Anandipatsa malo kutsogolo, ndinakana, ndinaima pamzere mphindi makumi anayi. Itadzaza, mayi wina wogulitsa makala anati, "Amisiri, tipunguleko theka?"

Ndinati ayi.

"Anzathu aja, akazi anu, zaka ziwiri zapitazi timawapungulira. Amatsika kasanu ndi katatu, inu muli kushedi."

Ndiye nawonso ankadziwa. Msewu wonse.

Ndinati nditwikeni yodzaza. Anapinda nsalu n'kundiika pamutu, awiri anakweza. Mkombero wachitsulo uja ndinaika pansi kuti ndowa isadyeke ndi miyala, umakhala pa fupa penipeni. Zimenezo sindinkazidziwa. Khosi linalowa m'mapewa. Sitepe iliyonse madzi amakankhira kutsogolo, ukawabweza amakankhira kumbuyo. Pofika ya khumi ndi chisanu ndi chiwiri ndinamva m'mimba mukukankhira pansi, ngati matumbo akufuna potulukira. Pa ya makumi awiri ndi zitatu pali mwala wogwedera. Ndinauponda, unapendekeka. Sindinagwe, koma madzi anapita onse, anatsika masitepe mpaka kumapazi a amayi aja. Palibe anaseka. Kuseka kukadakhala bwino.

Ndowa sinaphwanyike, yangobonyoka pang'ono pambali. Ntchito yolimba.

Ndinabwerera kumzere. Anandipungulira theka, ndinalola.

5 koloko ndinapita. 36.9. Mayi anayang'ana mmene ndikukhalira pampando, n'kuyang'ana pamutu panga pamene pasupuka.

"Wa makumi awiri ndi zitatu?"

"Eya."

"Mumaponda chakumanzere kwake."

Lachitatu, 14 Meyi

Paipi achotsa 7 koloko. 9:30 akodza okha 250. Namwino anayeza otsalira m'kati ndi makina, 60. Akuti bwino. Masana 300, otsalira 40. Mawa atuluka.

Khosi silikutembenuka. Ndikulemba kope nditalikweza kumaso.

Mwamuna wa Wailesi walankhula lero. Masiku asanu ndi anayi pa benchi imodzi. Anati, "Achimwene, wanga uja amalongolola, koma ndikadwala amadziwa tsiku lomwelo, akadwala iye ndimadziwa ola lomwelo. Wanu wofatsayo ndiye woopsa." Ndinati sindinapemphe malangizo. Anati, "N'chifukwa chake ndinadikira masiku asanu ndi anayi."

Itakwana 1 koloko ndinapita kumsika. Moyang'anana ndi shedi yanga pali mayi wogulitsa mapulasitiki, amawaunjika mpaka kudenga. Zaka khumi ndi chimodzi sindinamupatsepo moni. Ndinawoloka kanjirako. Anzanga awiri aja anali mkati mokhoma. Nyundo ina inasiya, kenaka inzake.

Mayiyo anati, "Amisiri, mwasochera?"

"Ya malita khumi."

"Mukufuna mukaidule, kapena mukatungire?"

Nayenso anamva za lumo. Ndinati yofiira. Anati zofiira zatha, zatsala zobiriwira. Ndinatenga yobiriwira. Anafuna kundikulungira m'thumba, ndinakana. Ngati n'kuona aone. Ndinadutsa nayo pakati pa mzere wathu, m'manja. Mnzanga wa shedi yoyamba, amene tinaphunzira ntchito kwa mmisiri mmodzi, anavula chipewa n'kuchiika pachifuwa ngati pakudutsa maliro.

Ndi ntchito yachabechabe. Chigwiriro chake chalowa m'timabowo tiwiri topanda chochirikiza, sichitha chaka. Yopanda madzi imapepuka ngati chipewa.

Lachinayi, 15 Meyi

Atuluka 11 koloko. Mapiritsi a ululu masiku asanu, a tizilombo masiku anayi, ofewetsa m'mimba mwezi wonse. Abwerenso pa 26 Juni kudzaonedwa. Akaona magazi ambiri, fungo, kutentha thupi kapena mkodzo kukanika, abwere tsiku lomwelo. Namwino anapereka pepalalo kwa Aphunzitsi. Ine ndakopera muno.

Lero mlonda anandilola kulowa nthawi isanakwane, kuti ndinyamule katundu. Ndinalowa ndi ndowa yobiriwira. Aphunzitsi anaiyang'ana. Mpongozi anali panja ndi galimoto.

Wailesi anati, "Amisiri atembenuka mtima. Itanani abusa."

Ndinaiika pabedi. Ndinali nditakonza mawu m'njira monse, koma anatuluka ochepa. Ndinati, "Mayi, tiyeni kwathu. Madzi ndizitunga ine."

Anaigwira, anaikweza ndi chala chimodzi.

"Ija inali yofiira."

"Zofiira zatha."

"Mwagula kwa mayi wa patsidya uja? Masana?"

"Masana."

Anakhala kanthawi akuyang'ana m'kati mwa ndowa ngati muli kanthu.

Aphunzitsi anati, "Amayi, musaiwale zimene tinakambirana. Sabata imodzi adzatopa, inu mudzayamba kuba maulendo m'mawa iwo asanadzuke. Ndikukudziwani."

Mayi anati, "Ukundidziwadi." Kenaka anatembenukira kwa ine. "Bambo, mwanayu akunena zoona. Ndikakuonani mukutsika ndi khosi limenelo ndidzakulandani ndowa, ndipo inu mudzandipatsa. Tonse tikudziwana. Ndipita kwa mwana."

"Mpaka liti?"

"Dokotala wati miyezi itatu."

"Ikatha miyezi itatu?"

"Amayi a pampopi adzandiuza."

Ndiye mlandu wanga adzaweruza ndi ogulitsa makala. Zaka makumi anayi ndi chimodzi.

Anandibwezera ndowa ija m'manja. Anati mpopi amatsegula 6 koloko, ukafika 6:30 wapeza mzere. Lachisanu madzi sabwera, utunge Lachinayi kawiri. Ndowa osadzaza mpaka pamlomo, usiye zala zitatu. Njovu ndiiike pakona m'khitchini, ndizithiramo, isatulukenso panja. Ndinalemba zonse ali chinenere, ataima, Aphunzitsi atawagwira mkono.

Kandowa ka malita awiri anatenga. Anakhuthula masupuni a Wailesi, anaikamo mapiritsi awo, n'kutseka chivindikiro. Aphunzitsi anafuna kuwanyamulira. Anati, "Aka n'kololedwa."

Pagalimoto mpongozi anati andiperekeze. Ndinati ndili ndi miyendo. Mayi anakhala kumbuyo pa pilo, kandowa pamiyendo. Sanakweze dzanja. Kapena anakweza, khosi langa silinathe kutembenuka.

Lero ndi Lachinayi, ndiye mawa madzi kulibe. Ndatsika kasanu ndi kamodzi. Njovu imadzaza ndi maulendo atatu ndi pang'ono, chifukwa cha zala zitatu zija. Ena ndathira mumgolo, sanafike ndi kotala yomwe. Mayi wa makala anandiwerengera mokweza ulendo uliwonse, kuti onse amve.

Chigwiriro chayamba kale kutanuka mbali imodzi, monga ndinanenera. Ndikhoza kuchikhomera kachitsulo, ntchito ya mphindi zisanu. Mwala wa makumi awiri ndi zitatu ndiukonza Loweruka, ndikapeza simenti. Zaka makumi awiri ndi zitatu ukugwedera, palibe anandiuza.

Miyezi itatu ndi masiku makumi asanu ndi anayi ndi awiri. Latha limodzi.